Za esiteti ya m'buti ija

Chabwino, popeza ena mwayamba kale kundikuwa kuti "a esiteti" ndikamadutsa pa depoti, bola muimve kwa mwini wake nkhaniyi osati kwa anyamata otsuka galimoto aja, chifukwa iwo akumaonjezera kuti munali ndi maungu omwe. Maungu munalibe.

Fungo la m'galimoto mwanga linayamba mu Disembala mvula itakhazikika. Si la khoswe wakufa ayi, ndi lija la chuku, ngati bulangete lomwe mwana wakodzera nkulipinda lisanaume. Ukatsegula ka Vitz kanga mmamawa limayamba ndi lomwelo kukupatsa moni. Madam anayamba kukwera kabaza popita kutchalitchi, ati bola matope.

Ndinagula timitengo tonunkhira topachika pagalasi tija titatu, zinangosakanikirana galimoto nkumamveka ngati munthu osasamba yemwe wadzithira pafyumu. Mnzanga wina odziwa zonse anati waza soda pa kapeti amamwa fungo, nde ndinakatenga soda yense wa madam wophikira thelere. Tsiku limenelo thelere linaphikidwa ndi chidulo chopempha kwa aneba ndipo ine sindinayankhulidwe mpaka Lachinayi.

Kenako makala. Makala amakokadi fungo, koma anzathu amaika timakala tochepa m'kambale pansi pa mpando. Ine ndinati nthenda yaikulu mankhwala akenso akhale aakulu, ndinakweza thumba lathunthu pampando wakumbuyo nkulimanga lamba ngati pasinjala. Pa rodibuloko ya pa M1 ndikupita ku Lilongwe anandiimitsa, "Bwana, makalawa chilolezo chake chili kuti?" Ndinati awa si a bizinesi, ndi mankhwala a fungo. Bambo aja analowetsa mutu pawindo, anautulutsa mwachangu ngati awotchedwa, nkungoti "Pitani bwana, pitani. Mwina muonjezere thumba lina."

Makaniko nayenso anadya zake, anasintha fyuluta ya eyakoni ija imakhala kuseri kwa kabokosi kakutsogolo, fungo lili phee ngati lalipira lendi.

Nde Loweruka lina galimoto ndinakaipititsa kotsukitsa pafupi ndi msika pa boma. Mnyamata anakolopa mipando, anafika kubuti, anatukula kapeti ija imavindikira tayala la sipeya, kenako anangoti zii. Mmalo mondiitana ine mwini galimoto anayamba kaye waitana anzake, anzakewo anaitana a kabaza, a kabaza anaitana mayi ogulitsa mandasi, ine ndinafika omaliza ndipo ndinachita kupempha njira kuti ndione buti yanga yomwe.

Abale. Munali dambo. Madzi atadzadza mpaka tayala kumira theka, ndipo pa mabowo onse a rimu panali patatuluka chimanga. Chimanga chomera! Choyera chachikasu chifukwa sichinaonepo dzuwa, chopindikapindika pofuna potulukira, mizu itakumbatira jeki ngati mwana pamsana pa mayi ake. Ndinawerenga mapesi 43. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri ndi choti chinamera mwadongosolo, bowo limodzi mbewu imodzi, Sasakawa weniweni, pamene kumunda kwanga alangizi anachita kundisiya atatopa.

Panalibe oseka poyamba, anthu anaima mwaulemu ngati ali pa munda wachitsanzo. Agogo ena anawerama, anagwira tsamba limodzi, nkundifunsa modekha kuti "Mbewu yanji imeneyi mwana wanga, yamera bwinotu." Wa kabaza wina anati wokulitsa mwathira kale kapena mukudikira makuponi? Mayi a mandasi aja anati chafika popalira. Ine ndili chiimire makiyi m'manja, nkumagwedeza mutu ngati ndikulandira malangizo.

Tsono ndidziteteze pang'ono. Mu Novembala ndinanyamula paketi ya mbewu ya apongozi kupita nayo ku Chamama, paketi inabooka panjira chifukwa cha mabampu, njere zinatsetsereka kulowa pansi. Apongozi anadandaula kuti mbewu yachepa ndipo kunali kundiyang'ana kwina kwake, ngati ndinatapako. Lero umboni ulipo kuti sindinabe. Madziwo amalowera pa labala ya chitseko cha buti yomwe inang'ambika, ndipo ndani mwa inu amasuzumira sipeya tayala lisanaphwe? Musanamize. Komanso kwa apongozi kuja anachita kupakiza kawiri, ine kwanga kunamera zonse, nde mlimi ndani apa.

Mnyamata uja anangozula kachivindikiro ka labala kali pansi pa malo a sipeya, madzi onse khuthuu, ine zaka zonsezi osadziwa kuti kalipo. Makapeti tinayanika padzuwa masiku atatu kuthamangitsana ndi mitambo, nkupukuta ndi viniga, labala ndinasintha. Fungo lapita, kungoti kukatentha masana limabwerako pang'ono kudzazonda.

Mbande zija madam anaziwokera kuseri kwa khitchini, zinagwira ziwiri. Thumba la makala tikuphikira. Soda sindinabwezebe.