Wakuba wa pa Edgware Road

Achemwali anga anasamukira ku London mwana wawo woyamba adakali kamnyamata kondilekeza m'chiuno, ka mano ogweluka kutsogolo. Kuchokera nthawi imeneyo tinkangolankhulana pafoni, ndipo mwanayo kamera sankaifuna. Ndikamufunsa, amayi ake ankangoti "ali m'chipinda" kapena "wapita kumpira". Ndiye m'mutu mwanga anangokhala kamwana komweko. Visa itatuluka ndinakamugulira nsapato, kabudula ndi kajuzi kofiira, n'kuwonjezerako saizi pang'ono poti ana amakula. Ndinkadziona ngati malume oganiza patali.

Tsiku lofika achemwali anali atagwira ntchito usiku wonse, alamu nawonso anali kuntchito, choncho panalibe wondichingamira pa bwalo la ndege la Heathrow. Ananditumizira malangizo pa WhatsApp: kwera sitima ya Elizabeth line, ukatsike pa Tottenham Court Road, ukwere ya Northern line mpaka kumapeto kwake, ku Edgware. Anabwereza kawiri kuti mpaka kumapeto.

Elizabeth line ndi njanji yatsopano, inatsegulidwa mu 2022, ndipo sitima zake ndi zotakasuka moti munthu amakhala ndi mpata woyang'ana mapu n'kuyamba kuganiza. Vuto linayambira pa kuganizako. Tikuyandikira Paddington ndinaona pamapu kuti siteshoni ya Edgware Road ili pomwepo, kulumpha kamodzi kokha pa Circle line. Ndinaseka chamumtima. Anthu okhala m'tauni zaka zonsezi akundizungulitsa, ine mlendo wofika lero ndapeza njira yachidule! Ndinatsika, ndinasintha sitima, posakhalitsa ndinali panja ndi sutikesi yanga, ndikuimba foni monyadira.

"Achemwali, ndafika. Tulukani mundione."

"Wafika kuti msanga chonchi?"

"Pa Edgware Road."

Anakhala chete kaye, kenako anapuma mwamphamvu, kupuma komwe ankapuma kale ndikaswa mbale. Anandiuza kuti Edgware Road ndi msewu wopita ku Edgware, ndipo Edgware yeniyeniyo ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera pomwe msewuwo wayambira ku Marble Arch. Akuti unamangidwa ndi Aroma ndipo ndi wowongoka, ndikhoza kungoutsata wapansi ngati ndikufuna kufika mawa. Kenako anati, "Usasunthe. Ndikutuma mwana."

Ndinawauza kuti sutikesi yanga ndi yakuda, yomangidwa kansalu kobiriwira pa chogwirira. Mumtima ndinawadzudzula: mwana wamng'ono kumutuma yekha m'sitima za pansi pa nthaka? Kunja kwawasintha anthuwa.

Ndinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Chimene palibe anandiuza n'chakuti masiteshoni a Edgware Road alipo awiri, ina ya Bakerloo line, ina ya Circle line pomwe ndinali ine, yomwe ndi imodzi mwa masiteshoni oyambirira enieni a sitima za pansi pa nthaka, a mu 1863. Mnyamatayo anayamba wakandifuna ku inayo. Komanso amayi ake anamupatsa chithunzi changa chakale, ndili wowonda, tsitsi lili thoo. Munthu wa dazi ndi mimba amene anaima pakhomo sanamuganizire n'komwe. Ine nanenso maso anga anali pansi, ndikuyang'ana mwana aliyense wodutsa, mpaka mayi wina anakokera mwana wake kumbali.

Mwadzidzidzi dzanja lalikulu linagwira chogwirira cha sutikesi. Nditakweza maso ndinaona chimunthu chachitali, cha ndevu, chovala chipewa cha juzi kumutu ndi timawaya m'makutu. Chinalankhula Chingelezi cha ku London chothamanga, sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe, n'kuyamba kukoka.

Anthu anandichenjeza za akuba a m'mizinda ikuluikulu, ndipo ndinali wokonzeka. Ndinagwira sutikesi ndi manja awiri n'kukuwa kuti "Wakuba!" m'zilankhulo zonse zimene ndimadziwa. Iye akakoka, ine ndikoka. Akamwetulira, ine ndikuwirikiza kukuwa, poti wakuba womwetulira ndiye woopsa. Anthu a ku London sakonda kuima pa nkhani za eni, koma tsiku limenelo ena anaima. Ndinayesa kumupinga mwendo monga tinkachitira kusukulu. Mwendowo sunasunthe, bondo langa ndi limene linalira.

Zipi inatopa nafe n'kung'ambika. Katundu yense anamwazika pansi, kajuzi kofiira pamwamba, nsapato imodzi n'kugubudukira kumapazi a bambo wogwira ntchito pasiteshoni amene ankabwera kudzatileretsa. Chimunthu chija chinatulutsa foni, chinadina, n'kundiika kukhutu.

"Iwe!" anali mawu a achemwali. "Ukumuchita chiyani mwana wanga?"

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Pansi pa ndevuzo panali nkhope ya malemu bambo athu, mphuno yomweyo, makutu omwewo. Anali ndi zaka 22, ali chaka chomaliza ku yunivesite.

"Malume," anatero pang'onopang'ono tsopano, "mwayenda bwanji?"

Tinatolera katundu tonse. Atanyamula kansapato kaja anakaika pachikhatho, kanakwana ndendende, zala n'kutsalako. Anafunsa kuti ndi ka ndani. Ndinati ndi ka mwana wa mnzanga. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma mapewa ake ankagwedezeka njira yonse ya Northern line, ndipo ku Edgware n'kutali.

Achemwali anandikumbatira pakhomo akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ine n'kulephera kudziwa kuti misozi ndi ya kundisowa kapena ya nkhani ija. Nawonso imvi zinali mbuu. Sindinanene kanthu, poti tsiku limenelo ndinali nditalankhula mokwanira.

Loweruka anaitana anzanga akale amene tinaphunzira limodzi, mmodzi anachokera ku Leicester, wina ku Manchester. Ndinkayembekezera kuti tikumbutsana za aphunzitsi ndi atsikana amene anatikana. Nkhani inali itawapeza kale. Wa ku Leicester analowa manja ali m'mwamba, n'kuima patali.

"Mkulu, ndine ndemwe uja tinkakhala desiki imodzi. Pasipoti ili m'thumba, ngati ukufuna uione kaye tisanagwirane chanza."

Alamu anatulutsa mphatso zija n'kuziyala patebulo kuti aliyense aone. Wa ku Manchester anavala kabudula kumutu. Kenako alamu anapinda kajuzi bwinobwino n'kukapereka kwa mnyamata uja.

"Sunga izi. Malume ako sanalakwitse saizi, angofulumira. Akufuna mdzukulu."

Mnyamatayo anatsamwa ndi madzi amene ankamwa, ndipo achemwali anasiya kuseka n'kumufunsa kuti watsamwa chifukwa chiyani.