Kodi wodwala uja anachira? Funso limene kaundula wathu sayankha

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, ntchito ya m'wodi ya amayi ikachepako, ndimakhala pansi ndi kaundula n'kuyamba kuwerengetsera kuti ndi amayi angati amene anabereka, angati anachitidwa opaleshoni, angati analandira jakisoni wakutiwakuti, ndiponso angati anatumizidwa ku chipatala chachikulu. Manambalawo ndimawalemba pa fomu, fomuyo imapita kwa akuluakulu, ndipo kwa zaka zambiri ndinkaona ngati udindo wanga wathera pomwepo. Chimene chinayamba kundisowetsa mtendere n'chakuti pafupifupi mizere yonse ya pa fomuyo imafunsa zimene ife tinachita, koma ndi yochepa kwambiri imene imafunsa zimene zinamuchitikira wodwalayo pambuyo pake. Mayi amene tinamutulutsa Lachitatu akuoneka bwinobwino, kodi anafika mlungu wachiwiri ali wathanzi? Nanga khanda lake linapitiriza kuyamwa? Kaundula amangonena kuti anatuluka.

Mafunso ngati amenewa ndi amene amayankhidwa ndi kafukufuku wa zotsatira za chithandizo, yemwe amafuna kudziwa ngati munthu anachira, anamwalira, anapunduka, anabwereranso kuchipatala, kapena anayambiranso ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Maganizo amenewa si atsopano. Dokotala wa maopaleshoni wa ku Boston, Ernest Codman, ankalimbikira kunena kuti chipatala chizitsatira wodwala aliyense kwa nthawi yokwanira kuti chidziwe ngati chithandizo chinagwira ntchito, ndipo ngati sichinagwire chizidzifunsa chifukwa chake. Anzake sanakondwe nazo, moti anachoka pa chipatala cha Massachusetts General Hospital mu 1914. Pa chipatala chake chaching'ono anafalitsa zotsatira za odwala 337 amene anawasamalira pakati pa 1911 ndi 1916, ndipo anaulula yekha zolakwika 123. Ndikaganizira zimenezi ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa ife amene tingalimbe mtima kupachika mndandanda wotere pakhoma la wodi.

Nkhani imene inandiphunzitsa zambiri pa kusiyana kwa zimene ofufuza apeza ndi zimene zimachitikadi pabedi la wodwala ndi ya jakisoni amene timabaya mayi amene watsala pang'ono kubereka masiku asanakwane. Graham Liggins, dokotala wa ku Auckland m'dziko la New Zealand, ankafufuza pa nkhosa za bere ndipo anaona kuti anaankhosa obadwa msanga amene analandira mankhwala a mtundu wa steroid adakali m'mimba ankatha kupuma, ngakhale kuti pa msinkhu umenewo mapapo awo akanayenera kukhala osakhwima. Mu 1972 iye ndi Ross Howie anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 282, zosonyeza kuti mankhwalawa amachepetsa vuto la kupuma mwa makanda obadwa masiku asanakwane. Mankhwalawo anali otchipa ndiponso opezeka, koma madokotala ambiri anapitiriza kukayika kwa zaka pafupifupi 20. Zinatengera kuti dokotala wina, Patricia Crowley, aphatikize zotsatira za akafukufuku onse amene analipo, kenako bungwe la National Institutes of Health la ku America ligwirizane nazo mu 1994, kuti mankhwalawa ayambe kuperekedwa ponseponse m'maiko olemera. Makanda amene anamwalira m'zaka zodikirazo anamwalira yankho lili kale m'mabuku.

Munthu akamva zimenezi akhoza kuganiza kuti vuto ndi kuchedwa kokha, ndipo kuti chofunika ndi kufalitsa mwamsanga chilichonse chimene chatsimikizidwa. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka nditawerenga za kafukufuku wotchedwa ACT, amene anachitikira ku Argentina, Guatemala, India, Kenya, Pakistan ndi Zambia ndipo zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya The Lancet mu 2015. Ofufuzawo anaphunzitsa ogwira ntchito zaumoyo, kuphatikizapo a m'zipatala zazing'ono ndi a m'midzi, kuti azizindikira mayi amene angabereke msanga n'kumupatsa dexamethasone, amene ndi mankhwala a mtundu wa steroid uja. Tikayang'ana zimene ogwira ntchito anachita, ntchitoyo inayenda bwino kwambiri, chifukwa amayi olandira mankhwalawo anachuluka. Koma atawerenga makanda amene anamwalira m'masiku 28 oyambirira, anapeza kuti m'madera amene munachitika ntchitoyi imfa zinakwera ndi makanda pafupifupi 3.5 pa 1,000 aliwonse obadwa amoyo, ndipo amayi oganiziridwa kuti atenga matenda atabereka anachulukanso. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Fomu yofanana ndi imene ndimalemba ine ikanaonetsa kuti zonse zili bwino.

Chinalakwika si mankhwala ayi. Kumene kulibe makina ounikira m'mimba n'kovuta kudziwa bwino kuti mimba ili ndi milungu ingati, choncho amayi ambiri amene analandira jakisoniyo anadzabereka pa nthawi yake, ndipo makanda awo analandira mankhwala amene sankawafuna. Komanso khanda lobadwa msanga silikhala ndi moyo chifukwa cha mapapo okha, koma limafunanso kufunditsidwa, kudyetsedwa, kupatsidwa okosijeni moyenera ndi kuchiritsidwa likadwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachititsa kafukufuku wina, ACTION-I, m'zipatala 29 za ku Bangladesh, India, Kenya, Nigeria ndi Pakistan, kumene msinkhu wa mimba unkatsimikizidwa ndi makina ndiponso kunali chisamaliro cha makanda. Zotsatira za mu 2020 zinaonetsa kuti makanda 19.6 pa 100 aliwonse anamwalira pakati pa amene amayi awo analandira dexamethasone, pamene kwa amene amayi awo sanalandire anali 23.5. Mankhwala ake ndi omwewo, maiko ena ndi omwewonso, koma zotsatira zinatembenuka chifukwa cha amene anapatsidwa ndiponso zimene zinali pafupi ndi bedi lake. N'chifukwa chake ndikalandira malangizo atsopano masiku ano, ndimayamba ndafunsa ngati odwala a mu kafukufukuyo akufanana ndi amene agona m'wodi yanga, ndiponso ngati zipangizo zimene ofufuzawo anali nazo ife tili nazo.

Zofanana ndi zimenezi zinaoneka mu 2011 pa kafukufuku wa FEAST ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, pamene kuthamangitsa madzi a m'dripi mwa ana otentha thupi kwambiri amene magazi sakuyenda bwino, njira imene inkaphunzitsidwa ngati yosakayikitsa, kunapezeka kuti kukuwonjezera imfa: ana oposa 10 pa 100 aliwonse anamwalira m'maola 48, poyerekeza ndi 7 mwa amene sanathamangitsiridwe madziwo. Mwana ankaoneka ngati watsitsimuka madzi atangolowa, ndipo namwino aliyense akanalumbira kuti chithandizo chagwira. Maso a munthu mmodzi pa wodwala mmodzi sakanatha kuona zimene zinaoneka pa ana oposa 3,000.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikunyoza malangizo ochokera mu kafukufuku, chifukwa pali kafukufuku amene anaganizira wodi yeniyeni kuyambira pachiyambi. Mu 2023 panatuluka zotsatira za E-MOTIVE, amene anachitikira m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa vuto la kutaya magazi kwambiri mayi akangobereka. Panalibe mankhwala atsopano. Mankhwala ochepetsa kutaya magazi a oxytocin ndi tranexamic acid, madzi a m'dripi ndi kusisita chiberekero zonse zinali zodziwika kale. Chimene chinasintha n'chakuti pansi pa mayi ankayalapo pulasitiki yokhala ndi thumba la mizere yoyezera magazi, m'malo moti mzamba azingoyerekeza ndi maso, ndipo magazi akafika pa mzere woikika chithandizo chonse chinkaperekedwa pamodzi osati chimodzichimodzi modikira. Zipatalazo zinkaonetsetsanso kuti zipangizo zili pamalo amodzi, ndipo ogwira ntchito ankauzidwa mmene chipatala chawo chikuchitira. Kutaya magazi koopsa pamodzi ndi mavuto aakulu otsatirapo kunatsika ndi pafupifupi 60 peresenti. Aliyense amene anathandizapo mayi wotaya magazi usiku akudziwa mmene maso amanamizira, makamaka magazi ena akalowa m'nsalu, ena n'kudontha pansi. Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi yakuti manambala ankabwerera kwa anthu amene anawalemba.

Palinso zotsatira zina zimene wodwala yekha ndi amene angazinene. Pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York, Ethan Basch ndi anzake anagawa odwala khansa 766 m'magulu awiri, ndipo gulu limodzi linkalemba lokha pa kompyuta mmene likumvera, monga ululu, nseru, kutopa ndi kubanika, ndipo zizindikiro zikakula namwino ankalandira uthenga. Zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti odwala a m'gulu limeneli anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi isanu kuposa anzawo. Ife azaumoyo timakonda kukhulupirira kuti tikafunsa kuti "muli bwanji lero" ndiye kuti tamva zonse, pamene odwala ambiri amayankha mwaulemu kuti ali bwino pofuna kuti asativutitse, makamaka akaona mzere wa anzawo uli panja.

Zoti ntchito ndi yambiri ndipo anthu ndi ochepa ndikuzidziwa bwino, ndipo mnzanga wina anandiuza mosabisa kuti munthu amene akuyang'anira mabedi onse yekha usiku simungamuwonjezere pepala lina. Sanalakwitse. Koma mapepala amene tikulemba kale ndi ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo palibe amene amawawerenganso pamalo pamene analembedwera. Choncho m'wodi yathu tinagwirizana zoyamba ndi chinthu chimodzi chokha. Mayi aliyense amene wabereka masiku asanakwane timamupempha nambala ya foni, yake kapena ya wachibale, ndipo khanda likakwanitsa masiku 28 mmodzi wa ife amaimba n'kufunsa ngati lili moyo, ngati likuyamwa, ndiponso ngati mayiyo anadwalapo chitulukireni. Mayankhowo timawalemba m'mphepete mwa kaundula yemweyo, pafupi ndi mzere wosonyeza ngati analandira dexamethasone ndiponso mmene tinadziwira msinkhu wa mimba yake, ndipo timawawerenga pamodzi pa msonkhano wa m'mawa kumayambiriro kwa mwezi. Manambala ena salowa, ena amayankhidwa ndi munthu wosamudziwa mayiyo, ndipo mayi wa khanda limene lamwalira ndiye amene kawirikawiri sangafune kulankhula nafe, zomwe zikutanthauza kuti zotsatira zathu zikhoza kuoneka zabwino kuposa mmene zililidi. Pa chifukwa chimenechi tinawonjezera mzere wina wa amene sitinawapeze, ndipo pa msonkhano timayamba kuwerenga mzere umenewo.