Ku British Museum tinakaona Erasmus, a tcheya n'kubwerako ndi dzina

Inu amene munatsala ku Leeds ponamizira shifiti, tamvani zomwe munaphonya.

Sitima yoyamba inatisiya chifukwa cha mpunga. Mayi athu a komiti ya zakudya anakana kutuluka m'nyumba mpunga usanapse, ati ku London sakagula sangweji ya mtengo wa mbuzi. Tinadikira pa siteshoni tikung'ung'udza, a msungichuma akuwerengera matikiti atsopano nkhope ili gwa. Koma masana pa paki ya Russell Square ku London, amene ankalalata kwambiri ndi omwe anapempha ntchafu yachiwiri. Mayina tawasunga.

Ku British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale, m'chipinda chosungira zojambula analola pensulo yokha, zikwama zonse panja. Anatiyalira zithunzi za akatswiri atatu a maphunziro zimene anajambula Albrecht Dürer, mmisiri wa ku Nuremberg ku Germany: Willibald Pirckheimer cha 1524, Philipp Melanchthon ndi Erasmus wa ku Rotterdam za 1526. Dürer ankagoba mizere pa chitsulo cha kopa ndi kachisongole, kupaka inki, kupukuta pamwamba kuti inki itsale m'mizeremo, kenako kudinda pa pepala lonyowa. Zilembo zonse ankazigoba chobwerera m'mbuyo. Chitsulo chimodzi chinkatulutsa mapepala ambirimbiri, motero nkhope za akatswiri a maphunzirowa zinkafika kwa anzawo akutali.

Mkangano unabuka pa Erasmus. Waimirira akulemba, botolo la inki m'dzanja, mabuku patsogolo, maluwa mu kamtsuko. Dürer anamujambula maso ndi maso mu 1520, koma anagoba patapita zaka, ndipo Erasmus mwini wake anati sichikufanana naye kwenikweni. Achimwene athu osema ziboliboli aja anaikira Dürer kumbuyo, ati munthu amakalamba, mmisiri alakwanji? A mlembi anati ayi, kasitomala akadandaula ndiye kuti ntchito yalakwika. Mawu a Chigiriki pa chithunzipo akuti zolemba za Erasmus ndizo zimuonetse bwino, ndipo a mlembi anati kumeneko n'kuzemba mlandu. Anakokanakokana mpaka tinachita kuwatonthoza ngati ana m'tchalitchi.

Ndiye kunabwera Melanchthon, chipumi chachikulu, diso lowala. Tonse tinatembenukira kwa a tcheya nthawi imodzi. Dzinalo lakhazikika, musavutike kulichotsa.

Zikomo mayi pa mpunga uja, takukhululukirani. Zikomo alongo athu amene munalemba kalata yopempha malo. A msungichuma akuti amene sanamalize ya matikiti achiwiri aja asawadikire kuti achite kuimba foni.