Zikomo nonse amene munandisamala parafini atandilowa m'mapapo

Abale ndi alongo, anzanga a pa nsanja, ndi inu nonse amene mwakhala mukufunsa pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti "kodi wodya moto uja ali kuti?", ndilipo, ndili moyo, ndipo Loweruka lapitali ndinayatsanso muuni pamaso pa anthu. Ndati ndithokoze poyera chifukwa ena amene munandithandiza sindikudziwani n'komwe nkhope.

Ambiri munamva kuti ndapsa. Sindinapse ayi, ndevu zokha ndi zomwe zinawauka. Chinandigoneka m'chipatala ndi parafini. Pa ntchito yathuyi pali masewero awiri amene anthu amawasokoneza. Kudya moto n'kulowetsa muuni woyaka m'kamwa utapendeketsa mutu chagada kuti kutentha kuzikwera m'mwamba, kenako n'kutseka milomo; moto ukasowa mpweya umazima wokha, bola usapumire m'kati. Kulavula moto n'kwina: umavumata parafini, n'kumupemerera pa muuni kuti atuluke ngati nkhungu, lawi n'kuthamanga kutali anthu akukuwa. Koyambako kumangokusiya ndi matuza pamilomo. Kwachiwiriko ndiye koopsa zedi. Usiku wa ngoziyo tinali pamchenga ku Mangochi, mwezi wa July. Mwera unali utaleka, koma mwadzidzidzi unangowomba ine ndili pakati polavula. Parafini anandibwerera kumaso, ndinatsamwa, madontho n'kutsikira kolakwika.

Woyamba kumuthokoza ndi mng'ono wanga, amene amaima kumbali ndi thaulo lonyowa ndi ndowa yamchenga. Palibe amamuombera m'manja, mafoni onse amaloza ine. Koma ndi iyeyo anandilanda muuni n'kuukulunga m'thaulo ine ndisanagwe nawo. Anthu atandiunjirira, wina akuti mumwetseni mkaka, wina akuti dzira laliwisi, wina akuti mupiseni chala kukhosi asanze, iye anakana kwamtuwagalu. Mng'ono wanga, unachita bwino. Adokotala anadzatiuza kuti munthu amene wameza parafini sasanzitsidwa, chifukwa pobwerera m'mwambapo ndi pomwe mafutawo amalowerera m'mapapo. Izi ndikulembera dala inu makolo amene mumasunga parafini m'botolo la zakumwa kuseri kwa chitseko. Mwana akamwa, musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala.

Usiku wonse ndinkangotsokomola. Kutacha thupi linali litatentha, m'nthiti mukubaya, mpweya ukuperewera. Anyamata athu oimba ng'oma anatenga gawo lawo la ndalama za usikuwo n'kulipira galimoto. Mpaka lero akukana kuti ndiwabwezere.

Kuchipatala aliyense anayamba waganiza za TB, ndipo sindikuwadabwa: munthu akutsokomola, thupi latentha, X-ray ikuonetsa mbuu kumunsi kwa phapo lakumanja. Anayeza makhololo, osapezamo kanthu. Ndiye kunabwera a kiliniko ena, achinyamata ndithu, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi langa. "Bambo, mumagwira ntchito yanji?" Nditayankha anaseka kaye. Kenako kuseka kunatha, n'kuyamba kundifunsa za mafuta amene ndimagwiritsa ntchito, ngati ndinatsamwa, komanso nthawi imene chifuwa chinayamba. Anandiuza kuti matendawa alimo m'mabuku awo: ndi chibayo chobwera ndi mafuta, osati ndi kachilombo. Parafini ndi wopepuka, amayenderera msanga, moti kadontho kochepa kamafalikira malo aakulu m'phapo n'kulitupitsa. Mankhwala omuchotsa kulibe. Amangokuthandiza ndi okosijeni, dilipi, mankhwala ochepetsa ululu, ndi ena opha tizilombo ngati tapezerapo mwayi, kwinako thupi limadzikonza lokha pang'onopang'ono. Adokotala, dzina lanu sinditchula pano, koma funso lanu limodzi lija sindidzaliiwala. Anamwino a usiku nanunso zikomo, makamaka mayi aja amene magetsi atazima anaguza okha silinda ya okosijeni kuchokera kumapeto kwa wodi, tochi ya foni ataluma kukamwa.

Mayi a kunyumba, inu ndiye ndilibe mawu. Munasiya geni yanu ya usipa n'kukhala gadiyani, kugona pasimenti mutayala chitenje, kulimbirana mafuwa kukhitchini ya magadiyani mbandakucha. Pamene ndinkalephera kufika kubafa osapumira panjira, munkandigwira m'khwapa uku mukundinyoza kuti ndalemera, kuti ndiseke. Apongozi, paja ntchito yangayi simunaikondepo chiyambire, ndipo simubisa. Komabe munatenga ana onse, ndipo phala lamgaiwa lotsira nsinjiro silinaphonye kufika. Za ntchitoyi tidzakambirana ndithu, ndamva.

Pali nkhani ina imene inandiwawa kuposa nthiti. Kunamveka mphekesera zoti mankhwala andibwerera, kuti ndinalakwitsa chizimba, kapenanso kuti anzanga a masewero anandilodza chifukwa cha nsanje. Abale, pa thupi langa palibe mphini ya moto. Luso limeneli ndinaphunzitsidwa ndi mkulu wina wa masewero odumphadumpha, ndipo kwa nthawi yaitali ankandilavulitsa madzi okhaokha kuseri kwa nyumba mpaka atakhutira ndi mmene akutulukira. Zina zonse ndi kudziwa kumene kukuchokera mphepo, kuvala nsalu yathonje osati nayiloni imene imasungunukira pakhungu, kusakhudza mowa tsiku la ntchito, ndi kusayerekeza petulo kapena sipiriti. Anzanga amene ankalozedwa chalawo ndi omwe ankabwera kudzandiona atanyamula nthochi ndi sopo, ndipo m'modzi anakagwira m'malo mwanga pa ukwati wina n'kubweretsa ndalama yonse kunyumba kwanga. Amene munawanenera zoipa, kapepeseni.

Ndikuthokozanso anzanga a ku Dzaleka, kumsasa wa anthu othawa kwawo, amene tinadziwana pa Tumaini Festival ku Dowa. Inu muli ndi mavuto anuanu, koma munasonkherana. Achimwene a ku Johannesburg ndi ku Cape Town, zomwe munatumiza pa Mukuru zinafika. Inu amene munkaponya K500 kapena K2,000 pa Airtel Money ndi pa Mpamba osalemba n'dzina lomwe, ndalama zimenezo ndi zomwe zinalipira lendi. Gulu lathu la banki m'khonde linaimitsa kaye chiongoladzanja pa ngongole yanga, ndipo eni malo ogona alendo kumene tinkasewera usiku uja analipira zonse ngakhale masewero anathera panjira. Amayi a kumpingo, nyimbo zanu zija odwala a m'wodi monse ankayankhira. Mulungu akubwezereni pomwe munachotsapo.

Pakadali pano ndikudya moto basi, pamodzi ndi kuzunguza miuni. Kulavula ndayamba ndasiya mpaka adokotala atandijambulanso, ndipo iwo sanabise kuti angakonde nditasiyiratu. Oitana, dziwani kuti mphepo ikavuta ndiziimitsa masewero, kaya alendo adandaule, ndipo oledzera ndi ana azikhala kutali ndi chingwe chomwe timamanga. Inu amene munandipatsa kale ndalama za maukwati a mu August koma sindinafike, ndilembereni uthenga, tigwirizane ngati ndibweze kapena ndidzasewere pa mwambo wanu wina.