"Kodi wakwiya?"

Mlongo wanga ali ndi autism, kakulidwe ka ubongo kamene kamachititsa munthu kulankhula ndi kukhala ndi anzake mosiyana ndi ena, ndipo funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri akamuona ndi lomweli. Nthawi zambiri sakhala atakwiya. Amakhala akuganiza zake, mwinanso akusangalala kumene, koma nkhope ili phee.

Tsiku lina amalume anamubweretsera wailesi yakufa kuti aziphwasula, pakuti palibe chimene amakonda kuposa timawaya ndi mabatire. Anailandira ndi manja awiri, n'kunena "zikomo" ndi mawu osakwera osatsika, maso ali pa wailesi. Amalume anandinong'oneza kuti, "Aa, ndiye kuti sanaikonde." Koma ine ndinali nditaona kale zala zake zikugundagunda mofulumira pantchafu. Chimwemwe chake chimatulukira m'zala ndi m'mapewa, pamilomo sichifikapo.

Zimavuta kwambiri nkhope ikaonetsa zosiyana ndi za mumtima. Pa maliro a agogo athu anamwetulira nyimbo ili mkati, ndipo amayi ena pasiwa anayamba kunong'onezana kuti mnyamatayu ndi wamwano, ena akuti anachita kumulodza. Usiku umenewo nsima sanaikhudze, anagona atafunda chitenje cha agogo. Kumwetulira kuja kunali kwa munthu amene chisoni ndi phokoso zamuchulukira.

Zakuti sayang'ana munthu m'maso, zimene madokotala amazitchula kwambiri, kwathu kuno palibe anadandaulapo. Mwana woyang'ana pansi polankhula ndi akuluakulu timati ndi waulemu. Chimene anthu sakhululuka ndi nkhope yosasintha pamene akukupatsa moni kapena mphatso.

Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, Rebecca Brewer ndi anzake ku London anajambula anthu a autism ndi ena opanda autism akuonetsa pankhope chimwemwe, mkwiyo, mantha ndi zina zotero, kenako n'kufunsa anthu ena kuti anene zimene akuona. Nkhope za anthu a autism zinkasokoneza owonawo, ngakhale anzawo a autism omwe. Ofufuzawo anati zikuoneka kuti aliyense ali ndi kaonetsedwe kakekake. Ine zimenezi sizinandidabwitse. Mnzake wa mlongo wanga, amene nayenso ali ndi autism, akasangalala amatong'ola maso mpaka ungaganize kuti waona njoka.

Amene ananena zondikhutiritsa kwambiri ndi Damian Milton wa ku Britain, yemwenso ali ndi autism. Mu 2012 analemba kuti kusamvana kumeneku kumachokera mbali zonse ziwiri: iwo amavutika kutimvetsa ife, nafenso timavutika kuwamvetsa iwo, koma mlandu timaukankhira kwa iwo okha.

Masiku ano ndikafuna kudziwa za mumtima mwake ndimangomufunsa, ndipo zimene wayankha ndimazikhulupirira, chifukwa sadziwa kukometsera. Nayenso amandifunsa. Sabata yatha mayi woyandikana nafe anabweranso kudzabwereka mbaula, ine n'kumupatsa ndikusekerera. Atangotuluka pachipata ndinayamba kung'ung'udza. Mlongo wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, ndiye mumaseka chiyani ngati munakwiya?"