Belu lija ndinaliza ndine, koma mumve kaye

Popeza alamu aponya kale kavidiyo kaja pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo azakhali a ku Ntcheu andiimbira kufunsa ngati ndayamba ukatekisiti kuno ku England, ndiloleni ndilankhulepo musanamalize kundiweruza. Inde, wovala suti amene wagwira chingwe cha belu uja ndine. Agalu akuuwa aja si anga. Zoti ndinalira chifukwa cha manyazi ndi bodza la alamu. Misozi inabweradi, koma pambuyo pake, pa mlandu wina.

Alamu angawa akhalitsa ku Leeds mpaka analowa mpingo wa mowa. Sindikunena zongomwa ayi, zimenezo tonse timatha. Iwowa m'chikwama amayenda ndi khadi la bungwe lotchedwa CAMRA, limene anyamata anayi anayambitsa mu 1971 atakwiya kuti mowa wa makolo awo ukutha. Mowawo amautcha real ale. Ulaliki wake ndinaumva kuyambira pageti mpaka ku Masham, katawuni ka ku North Yorkshire komwe kuli mafakitale awiri a mowa, ya Theakston yomwe inayamba mu 1827 ndi ya Black Sheep yomwe munthu wa m'banja lomwelo la Theakston anakatsegula payekha mu 1992. Pa ulaliki wonsewo, nkhani ya abale kupatukana pa mowa ndi yokhayo yomwe ndinaimvetsa popanda kufunsa.

Dzulo lake anandiuza kuti tikupita ku malo otchuka omwera mowa, olembedwa m'buku la bungwe lawolo. Munthu akakuuza choncho umatchena. Suti, tayi, nsapato zosongoka zija. Palibe anandiuza kuti malo otchukawo ali kuseri kwa Masham, kumudzi kwenikweni, komwe msewu umakwana galimoto imodzi, uku ndi uku mipanda ya miyala yongosanjikiza popanda simenti, netiweki ya foni kulibe, nkhosa zokhazokha.

Titafika tinapeza poimika magalimoto padzaza, ndiye alamu anatitsitsa pakhomo ine ndi achemwali n'kupita kukasaka malo. Amene akuweruza mlanduwu ayambire pomwepa. Munthu yekhayo wodziwa malamulo a m'nyumbamo anasiya alendo okha.

Chitseko chinali chachifupi, moti moni woyamba ndinapereka ndi chipumi pa mtanda. Mkati munali moto wa nkhuni, fungo la nyama, ndi anthu ovala jombo zamatope ndi majekete a mvula. Pansi pa tebulo lililonse panali galu. Mayi wina anayang'ana suti yanga yakuda, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati tikuchokera ku maliro.

Tinakhala pansi n'kuyamba kudikira. Kwathu, kaya ndi ku Bwandilo kaya ku Kamba, usanakhazikike n'komwe wina wafika kale ndi opena m'manja kukufunsa kuti yozizira kapena yotentha. Kuno zii. Ndinakweza dzanja, bambo wina wandevu wa pa tebulo lina anandibayibitsa. Ndinagogoda tebulo ndi makiyi, osaphula kanthu. Kenako ndinachita chimene mwamuna aliyense wa kwathu akanachita.

"Psssss!"

Kunabwera galu. Wakuda, wamkulu. Anakhala pansi patsogolo panga n'kumandiyang'ana m'maso, kudikira oda.

"Iwe, khala phee, alamu ako akubwera," anatero achemwali. Koma ludzu silidikira mlamu. Ndinaona kuti anthu akumapita okha pa kauntala, ndiye nane ndinanyamuka.

Pa kauntala panali mayi mmodzi yekha, akupopa mowa ngati ali pa mjigo, kukoka chogwirira chachitali ndi mkono wonse, mowa ukukwera kuchokera pansi pa nyumba. Nditangofika, pampu ina inayamba kutsokomola thovu lokhalokha. Mayi aja ananena kenakake kokhudza mgolo kutha, anatsegula kachitseko n'kutsikira m'chipinda chapansi. Ndinatsala ndekha ndi belu.

Tsopano mundimve bwino. Belu linali lamkuwa, lopukutidwa mpaka kunyezimira, chingwe choluka chikulendewera poyera. Panalibe chikwangwani choletsa. Dziko lino amalemba chenjezo pa chilichonse, ngakhale pa kapu ya khofi amakuuza kuti ndi wotentha, koma pa belu sanalembe kanthu. Ena akuti linali kuseri kwa kauntala. Linali kuseri pang'ono chabe. Munthu wa mikono yabwinobwino akaima pa zala n'kugona pa kauntala ndi mimba amalifikira bwino lomwe. Komanso mudziwe kuti ku pulayimale woliza belu ndinali ine, limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango, ndipo dzanja siliiwala ntchito yake. Sindinagogode mwamanyazi. Ndinaliza moti wochedwa kumunda amve.

Nyumba yonse inati duu. Mafoloko anaima m'malere. Mwana wina anasiya kutafuna, mbatatesi ili m'tsaya. Bambo wandevu uja anatembenuka ndi mpando womwe.

Zimene ndinauzidwa pambuyo pake n'zakuti belu limeneli ndi la mwini bala, ndipo limalira usiku, nthawi zambiri cha m'ma 11 koloko. Koyamba limachenjeza kuti gulani womaliza, kachiwiri kuti basi tatseka. Ine ndinaliza 1 koloko masana, Lamulungu, anthu ali pakati pa nkhomaliro.

Pafupi ndi moto panali agogo ena omwe anali atagona, chipewa chili kumaso. Anadzidzimuka. Anayang'ana wotchi. Anaigwedeza. Anaiika kukhutu. Anayang'ana pawindo n'kuona kuti kunja kuli mbee, nkhosa zikudya. Ndinawaona ndi maso angawa akuyeza maumboni awiriwa, kuwala kwa kunja ndi belu, ndipo anasankha kukhulupirira belu. Anagugudiza kamowa komwe kanatsala, anatola ndodo, ananyamuka pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linzake, n'kuuyamba ulendo wa ku kauntala tambula ili patsogolo. Anzawo awiri ataona choncho sanafunse. Anagugudiza nawo n'kulowa pamzere. Thupi likamvera belu kwa zaka makumi asanu silimvanso za wotchi.

Apa n'kuti agalu onse akuuwa, wanga wa oda uja akutsogolera nyimbo. Ine ndili gwa pa chingwe, mimba pa kauntala, phazi limodzi m'mwamba. Mukufunsa kuti bwanji sindinachisiye. Ndikanachisiya belu likanaliranso, ndiye ndinaona kuti nzeru ndi kugwirabe mpaka zinthu zitazizira. Nthawi yomweyo ndi yomwe alamu analowa. Mlamu wabwino akanandichotsa pamenepo. Wanga anatulutsa foni.

Mayi wa pa kauntala anatulukira pansi paja ali wefuwefu, akuganiza kuti kwabuka moto. Anayang'ana agogo atatu ali pamzere ndi matambula, anayang'ana ine, n'kundichotsa chingwe m'manja chala chimodzichimodzi. Wina kumbuyo anakuwa kuti woliza belu amagulira anthu mowa, nyumba yonse n'kufa nacho chiseko. Alamu akuti zinali nthabwala. Kaya. Mwamuna wovala tayi sangakane raundi pamaso pa gulu. Ndinawagulira agogo atatuwo, ndipo ndinasiya kuwerengera mu makwacha pa tambula yachiwiri chifukwa mtima unayamba kugunda pakhosi.

Kenako mayi aja anandithirira kamowa m'kagalasi kakang'ono, kongokwana kunyowetsa lilime. Ndinaganiza kuti ndiye chilango cha oliza belu chimenechi, ndipo ndinali wokonzeka kuchilandira. Nditafunsa mtengo anati ndi kongolawa, kaulere, kuti ndisankhe womwe ndaukonda. Zimenezi ndiye ndinazikonda. Alamu anachita kundidula, apo ayi ndikanalawa mapampu onse n'kubwereza. Anandisankhira wotchedwa Old Peculier, wakuda bii, wamphamvu ya 5.6 peresenti, m'tambula ya pint, mamililita 568, thovu lili pamwamba.

Ndinamwa. Wofunda. Gasi mulibe.

Kwa ife amene tinakulira m'magetsi othimathima, mowa wofunda ndi uthenga, ndipo munthu woleredwa bwino sasunga uthenga wotere. Ndinaweramira kwa mayi aja n'kunong'ona, kuti ndisawachititse manyazi pamaso pa makasitomala, kuti firiji yawo yafa, ndipo ngati ali ndi ayisi pang'ono andiponyeremo. Zikuoneka kuti kunong'ona kwanga kunafika patali. Alamu anagwira pamtima. Agogo a wotchi aja anaika tambula pansi.

"Alamu," anatero alamu mano atalumana, "mowa uwu sulowa mu firiji. Umakhala m'chipinda chapansi, pa madigiri 11 mpaka 13. Sausefa, sautenthetsa kuti aphe yisiti, sapoperamo gasi. Umapitiriza kuwira mumgolo momwemo. Mgolo akautsegula uyenera kutha m'masiku ochepa, apo bii usasa."

"Ndiye kuti ndi wamoyo?"

"Eya, mwayamba kumva."

"Umawirabe m'chotengera, ndipo ukakhalitsa umasasa?"

"Ndendende."

"Alamu, mwandiyendetsa mtunda wonsewu kudzamwa Chibuku?"

Sanandiyankhe, ndipo mpaka lero sanayankhe. Pa mfundo iyi yokha sindibwerera m'mbuyo ngakhale mutandiseka chaka chonse. Chibwerere fakitale ya Carlsberg ku Blantyre mu 1968, ife tinakula tikudziwa kuti ulemu uli m'botolo lozizira. Mnyamata akangolandira malipiro oyamba amathawa Chibuku ndi masese kuthamangira Green, ndipo akadutsa pomwe anzake akugwedeza paketi amayang'ana kumbali. Kuno aphunzitsi ndi madokotala opuma pantchito amaponda matope makilomita kufuna mowa wofunda wowirabe, ali ndi bungwe, makhadi, misonkhano, ndi buku lotuluka chaka ndi chaka. Agogo anga aakazi, amene masese awo ankaitana anthu a midzi itatu, akanabadwira kuno bwenzi pakhoma pawo pali satifiketi. Ndipo mlaliki mwini wake anamwa theka la tambula basi, poti ndi amene ankayendetsa. Petulo yense uja, theka la tambula.

Tsopano za misozi. Chakudya cha Lamulungu chinabwera, nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, mbatatesi zowotcha, karoti, kabichi, ndi chinthu chofufuma cha ufa, mazira ndi mkaka chotchedwa Yorkshire pudding, chokhala ndi dzenje pakati lothiramo msuzi. Chinali chokoma, ndisaname, kungoti ndiwo zonsezi zinkasowa nsima. Pambali panali kambale ka zoyera. Mayonesi, ndinatero mumtima. Ndinatunga supuni yodzaza, kupaka pa nyama, kuwonjezeranso ina. Alamu anaona zonsezi. Anangosuntha tambula yawo n'kukonza foni.

Chinthu chija amati horseradish, muzu winawake wopera. Ine tsabola sindimuopa, kambuzi ndimachita kutafuna. Koma kambuzi ndi wachilungamo, amakumenya pa lilime pomwe wamuika. Ichi chimadutsa lilime mwaulemu osapereka moni, n'kukwera m'mphuno, kudutsa kuseri kwa maso, mpaka kukagogoda pa liwombo. Ndinaona makolo anga onse, ena omwe sindinawadziwe n'komwe. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri mpaka pa tayi. Ndinafuna kulankhula koma panatuluka kaphokoso komwe galu uja anayankha.

Chakumwa chapafupi chinali chomwe chija ndinachinyoza. Ndinaigwira tambula ndi manja awiri n'kuigugudiza yonse osapuma. Agogo atatu aja anakweza matambula awo, omwe ndinagula ine. Mayi uja wa funso la maliro anadzuka pa tebulo lake, anandisisita paphewa, n'kundiuza kuti pepani, zimatenga nthawi koma mtima udzakhala pansi. Maso atayambanso kuona ndinapeza Yorkshire pudding yanga palibe, galu akunyambita milomo pansi pa tebulo.

Ndinaitanitsa ina, ngati mankhwala. Ndinapita ndekha pa kauntala, manja ali m'thumba, belu osaliyang'ana. Alamu akufalitsa kuti pa tambula imeneyi ndinamveka ndikunena kuti mowawu uli ndi kafungo ka zipatso. Sindikukana, sindikuvomera. Munthu amene mphuno zake zangotsukidwa kumene amamva fungo la chilichonse.

Potuluka tinapeza kuti galimoto anaiimika kutali, kuseri kwa khola la nkhosa, ndiye za nsapato zosongoka zija musandifunse. Chomwe chatsala ndi nkhani ya ndalama. Raundi ya agogo aja ndinalipira ndi khadi la achemwali, poti langa ndinali nditalisiya m'jekete ina, ndipo akuti ndibweze Lachisanu. Ine ndikuti alamu apereke theka, popeza anatisiya tokha pakhomo ndi iwo. Iwo akuti anali kuimika galimoto.