Lachitatu ku Chitakale: phunziro la tiyi lokana kutuluka

Ntchito ya lero inali yoti phunziro la alangizi a alimi ang'onoang'ono a tiyi lituluke m'pulogalamu yolembera maphunziro n'kukwera pa Moodle, tsamba la pa intaneti lowerengerapo maphunziro ndi kulemberapo mayeso, kuti anthu athu a ku Limbuli ndi ku Muloza, m'boma la Mulanje, ayambe kuliwerenga pa mafoni awo mvula isanagwe, chifukwa tiyi akaphuka palibenso mlangizi amene amakhala ndi nthawi yophunzira. Nditadina batani la Publish, mzere wosonyeza pamene ntchito yafika unayenda mpaka pakati n'kuima, kenaka panatuluka uthenga wachidule wakuti zakanika, wosatchula chifukwa.

Ndinayamba ndi kumene fayilo imakhala. Inali pa flash imene timapatsirana mu ofesi, chonsecho opanga mapulogalamu oterewa amalangiza kuti fayilo izikhala pa hard disk ya kompyuta yomwe ikugwira ntchitoyo. Komanso pa Windows, dzina la fayilo pamodzi ndi mayina a mafoda onse amene ilimo siliyenera kupitirira zilembo 260, ndipo mafoda athu anali olowana kwambiri, lililonse ndi dzina lalitali. Chimene ambiri sitichiganizira n'chakuti zizindikiro zimene timalemba tsiku ndi tsiku, monga kachizindikiro ka mu "m'munda" ndi chilembo ŵ, zimatha kusokoneza mapulogalamu ena zikakhala m'dzina la fayilo. Ndinakopera zonse pa C, yomwe ndi hard disk ya kompyutayo, ndinafupikitsa mayina, ndinayesanso. Mzere uja unaima pamalo omwewo.

Kuima pamalo amodzimodzi kunandiuza kuti vuto lili m'kati mwa phunzirolo. Ndinapanga kope lina, ndinachotsa theka la masilaidi n'kuyesa, ndipo linatuluka bwinobwino. Ndinatenga theka linalo n'kuligawanso pawiri, kenaka pawirinso, mpaka panatsala silaidi imodzi yokha. Njira imeneyi ndi yotopetsa, koma ndimaikhulupirira kuposa kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi, chifukwa ukatero ngakhale zitatheka sudziwa chimene chathandiza, ndipo vutolo likadzabwerera umayambiranso.

Silaidiyo inali ya kanema amene ndimamukonda kwambiri m'phunziro lonse: manja a mayi wina akuthyola masamba awiri ndi kansonga, n'kuponya m'dengu la kumsana osacheuka. Kanemayo anajambulidwa pa foni ndipo ankaonetsa bwino pa kompyuta, koma pulogalamu inkalephera kumusintha potulutsa phunziro. Ndinamudutsitsa mu HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira makanema, n'kumusandutsa MP4 ya H.264 pa 720p, mtundu wa kanema umene mapulogalamu ambiri amauwerenga mosavuta. Anachepa kwambiri, zala za mayiyo zikuonekabe bwino, ndipo phunziro lonse linatuluka. Kuchepako ndi phindu lalikulu kwa mlangizi amene amagula yekha bando.

Masana magetsi anathima, choncho ndinatumiza fayilo ya zip, imene imamanga pamodzi mafayilo onse a phunzirolo, kwa mnzathu amene amayang'anira seva ya Moodle kuti aikweze. Posakhalitsa anaimba.

"Achimwene, Moodle ikuti imsmanifest.xml palibe."

"Kodi mwaitsegula zip ija musanaikweze, achemwali?"

Anati kompyuta yawo inaimasula yokha itangofika, ndiye iwo anaimanganso foda yonse. Fayilo ya imsmanifest.xml ndiyo imauza Moodle zimene zili m'phunziro ndi poyambira pake, ndipo iyenera kuonekera pomwepo munthu akangotsegula zip, osati m'kati mwa foda ina. Anasankha mafayilo a m'katimo okha n'kumanganso, ndipo inakwera.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinabwera pomaliza. Ndinalowa ngati wophunzira, ndinayankha mafunso onse, koma dzina langa silinalembedwe kuti ndamaliza. Vuto lotere ndi loipa kuposa uthenga wakuti zakanika, chifukwa silidzionetsa: mlangizi atha kumaliza bando yake, kukhoza mayeso, koma satifiketi osaiona. Nditayang'ana zosankha za potulutsa ndinapeza kuti phunziro linali pa SCORM 2004 (SCORM ndi dongosolo limene phunziro limadzera potumiza malikisi ku Moodle), pomwe Moodle imagwira mokwanira SCORM 1.2, imene inatuluka mu 2001, ndipo ya 2004 siigwira yonse. Ndinasintha kukhala 1.2, ndinasankhanso kuti kumaliza kuziwerengedwa potengera zotsatira za mayeso osati kuchuluka kwa masilaidi amene munthu waona, ndinatulutsanso. Ulendo uno malikisi anafika.

Tisanaweruke ndinabwereka foni ya mlonda wathu, ya Android yaing'ono yonga imene alangizi ambiri ali nayo. Phunziro linatseguka ndipo kanema anayenda, koma batani lopitira patsogolo ndi laling'ono kwambiri moti chala chimagunda la pambali pake. Mawa ndilikulitsa, kenaka ndipita ndi foni ku Limbuli kukaona ngati malikisi akufikabe netiweki ikaduka munthu ali pakati pa mayeso.